Aphunzitsi Eufrasia Angulo, Amene Munawapirikitsa

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1958 kuno ku Borbón, kwa Bambo Cleofás Angulo, osema mabwato, ndi Mayi Petrona Nazareno. Ine ndine Hermógenes, mlongo wawo, ndipo abale andituma kuti ndisapsatire mawu.

Mayi Eufrasia anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Esmeraldas mu 1980. Mu 1983 anakwatiwa ndi Bambo Wilfrido Cortez, omwe anatisiya mu 2011.

Kuyambira 1981 anaphunzitsa masamu pasekondale ya m'tauni muno. Anali ndi diso. Mwana womaliza ntchito msanga n'kuyamba phokoso, amene ena ankamutcha wamwano, iwo ankamupatsa funso la kalasi yapatsogolo n'kuona mmene akulimbanirana nalo. Mu 1996 anayambitsa kalasi ya Loweruka ya ana otere. Ambiri anali ana a amayi otola nkhono m'matope.

Mu 2009 sukulu inapatsidwa malo amodzi pampikisano wa masamu ku Quito. Malemu anasankha Yajaira Mina, mtsikana wa m'kalasi imeneyi. Mphunzitsi wamkulu wa nthawiyo, Bambo Anselmo Preciado, amene akhala kutsogolo apawa atavala suti yakuda, ankafuna mwana wa mwini madamu a nsomba. Malemu atakana, Bambo Preciado anawaneneza kuti ndi okondera, akuti amadzaza matama ana a amphawi. Komiti ya makolo inaombera m'manja. Musazolike a komiti, tikukudziwani. Kalasi inatsekedwa, Yajaira sanapite, ndipo malemu munawataya kusukulu yakumtunda kwa mtsinje wa Cayapas, kutali ndi chipatala, mukudziwa bwino lomwe kuti ali ndi matenda a shuga.

Kumeneko sanagwe ulesi. Awiri mwa ana amene anawatulukira kumtundako lero ndi madokotala. Koma mankhwala ankafika mwa apo ndi apo, ndipo mu 2016 anawadula mwendo. Yajaira, amene anasiya sukulu chaka cha mpikisanocho ndipo lero amakazinga nthochi padoko, ndiye ankawatsuka zilonda malemu atabwerera kuno kwawo. Wapasukulu ngakhale mmodzi sanapondeko pakhomo. Mayi Eufrasia anamwalira pa 3 Okutobala 2023 kuchipatala ku Esmeraldas.

Asiya ana awiri, Nixon ndi Maribel, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo atatu.

Tikuthokoza anamwino, amayi amene achezera kuimba, ndi asodzi amene anatibwereka bwato lonyamula thupi. Bambo Preciado anapempha kuti ayankhule m'malo mwa sukulu. Banja lakana. Nkhata yamaluwa imene mwabweretsa taiika kunja kwa chipata, muitenge pobwerera.

Achemwali, kumene mwapitako palibe adzakusamutseninso. Mzimu wanu uuse mumtendere.