Chiphaso cha Msilikali Pamzere wa Voti

Pamzere woponya voti pabwalo la sukulu, bambo wina wovala ovolosi ya umakaniko ankawerenga nkhani pafoni. Kumbuyo kwake kunali mayi atafumbata ziphaso ziwiri zovotera.

"Mwamva, mayi? Akuti dziko linanso layamba kupanga bomba la nyukiliya."

"Lija amati limapsereza mzinda wonse?"

"Lomwelo. Ndipo aliyense akuti akupangira mtendere. Ife tikupsa ndi dzuwa pano kusankha munthu woti azikawaombera m'manja kumisonkhano yawo."

"Ine za mabomba sindizitsata, bambo. Ndabwerera uyu walonjeza kubweza asilikali athu."

"Analonjezanso pachisankho chapita chija."

"N'chifukwa chake ulendo uno ndimupatsa mavoti awiri."

"Awiri bwanji?"

"Chiphaso chinachi ndi cha mwana wanga. Ali kunkhondo kunja, uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu. Anachisiya m'thumba la jekete."

"Aa, mayi, zimenezo salola. Amayang'ana nkhope, kenako chala n'kuchiviika mu inki."

"Zala ndili nazo khumi. Nkhope ndi yomweyi, aliyense amanena kuti anatengera ine."

"Akubwezani pakhomo pomwepo. Mwinanso n'kukuitanirani apolisi."

"Tsiku lomutumiza aboma anandipatsa fomu yonena wodzalandira mtembo wake. Ndinasaina ndine. Pamenepo sanayang'ane nkhope."

Bambo uja anaika foni m'thumba.

"Nanga anaimba liti komaliza?"

"Mzere wayenda, bambo. Sunthani."