Matenda a Tsiku Lopalira

A Sylvester a ku Chiwalo amakhalira timapiritsi toyera. Tiziwalo ta pamwamba pa impso zawo tinasiya ntchito, ndiye adokotala anati azimwa tsiku lililonse, ndipo akadwala aziwirikiza. Tsoka lake bamboyu ankadwala udzu ukangomera m'munda, pomwe akazi awo, a Eliness, mawu a dokotala ankawatsata mosaphonya ngakhale limodzi.

"Ndadwala," anatero a Sylvester m'mawa wina, atadzipinda pakhonde.

"Awiri," anayankha a Eliness, akutsegula kabotolo.

"Limodzi, mayi a Noah. Simunamve dzulo kuchipatala? Akuti mapiritsi ndawachulutsa, mafupa ayamba kufumbwa. Ndikangopunthwa, chiuno chapita."

"Ndinamva. Ndinamvanso kuti mukadwala muzimwa awiri. Mwadwala?"

"Ndadwala, koma pang'ono."

"Zapang'ono sanatchule."

"Aaa, ndiye mukufuna ndithyoke?"

"Ndikufuna musafe. Anati munthu wa matenda anuwa akadwala n'kumwa limodzi, amakomoka."

Apa mantha anawagwira ndithu a Sylvester, chifukwa chithunzi cha mafupa awo chimene anawajambula kuchipatala anachiona ndi maso awo. Koma udzu nawo unali utafika m'mawondo, ndipo bamboyu si wogonja msanga.

"Tamverani. Pali kudwala kwa thupi, ndiye pali kudwala kongoti munthu wadwala."

"Kwachiwiriko kumawawa pati?" A Eliness anawagwira pachipumi. "Hii, mukuzizira ngati mtsuko. Matenda obisalawa ndiye oopsa. Ndiitane kabaza?"

"Kabaza wa chiyaninso?"

"Tibwerere kuchipatala. Pajatu adokotala anadabwa kuti munthu mmodzi wadwala bwanji kakhumi ndi kanayi mwezi umodzi. Inu mutatuluka ndinawauza kuti zimayamba tikangotchula zopalira."

"Munawauza zimenezo?"

"Anafunsa."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaseka, anamwino nawo anaseka. Ine sindinaonepo choseketsa, munthu ukuvutika."

A Sylvester anayang'ana mapiritsi awiri ali m'dzanja la mkazi wawo, n'kudzigwira m'chiuno. Manyazi anali nawo, koma chiunocho ankachifunabe.

"Chabwino. Ndachira."

"Mwachira liti?"

"Pompano."

"Osamwa kanthu?"

"Ndati ndachira, mayi. Patseni limodzi, la masiku onse."

A Eliness anabwezera linalo m'kabotolo, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. "Mulungu ngwabwino. Komanso adokotala anati mafupa amalimba munthu akamayenda ndi kugwira ntchito padzuwa."

A Sylvester anameza piritsi lawo, n'kudzuka monyinyirika ngati ng'ombe yopita kugoli.

"Tiyeni ndiye, tikapalire."

A Eliness anayala mkeka pamthunzi, n'kutambasula miyendo.

"Pitani nokha, bambo a Noah. Mafupa ofumbwa ndi anu, anga ali bwinobwino. Ndikakuthandizani ndiye kuti ndakuberani mankhwala."