Chifuwa Changa Chinali M'denga la Nyumba

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi Nachisale a ku Chiponde, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chifuwa chimene chinandizunza zaka zija anzathu a ku Mozambiki ankathawira kuno nkhondo.

Tinali titangolowa m'nyumba yamalata, sitolo yakale imene amuna anga anaipeza. Ndinkanyadira siling'i yake yamatabwa. Koma mvula itayamba, ndinayamba kuyetsemula, maso kuyabwa, pachifuwa kulira ngati kamwana ka mphaka. Ku chipatala ku Mangochi anayeza makhololo, sanapeze chifuwa chachikulu. Anthu sanakhulupirire. Mandasi anga pamsika ankabwerera osagulidwa, ndipo apongozi anandipatulira kapu yangayanga, nayamba kunena zoti ndibwerere kwathu.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti pamsika ndinkapuma bwino, koma ndikafika kunyumba ndinkabanika. Matenda anji osankha malo? Ena anati nyumbayo anaitchera mankhwala. Ine ndinasiya kupempha machiritso, ndinkangoti, "Ambuye, ndionetseni chabe chimene chikundidya."

Tsiku lina kunafika mayi wina wa Chisilamu, dzina lake a Fatuma, atawoloka malire wapansi ndi khanda kumsana, mapazi atatupa. Tinawapatsa chipinda chathu, ife n'kukagona m'khitchini yaudzu kuseri. M'mawa ndinadzuka ndikupuma ngati mtsikana. Ndinadabwa. Ndinalowa dala m'chipinda muja n'kukhala pabedi, posakhalitsa mphuno zinayamba kuchucha. Nditatuluka, zinaleka. Ndinabwerezanso, mpaka a Fatuma anandifunsa chimene ndinkafuna.

Nditawafotokozera, ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti, "Achemwali, muno mukununkha nkhokwe yonyowa. Malemu amuna anga akangolowa m'nkhokwe yotere ankabanika chimodzimodzi."

Tinakankha kabati, ndipo khoma lonse kuseri kwake linali bii ndi nkhungu. Amuna anga anakwera pampando n'kugogoda siling'i, chala chinangolowa ngati m'buledi. Atakanganula thabwa, tinaona zoyera ngati thonje zitayanga mitanda, ndi tibowa tolimba titamera m'mbali. Malata ankadontha pang'onopang'ono, matabwa n'kumaola pamwamba pa mitu yathu. Ndinayang'anitsitsa tibowa tija, osamvetsa kuti kanthu kosaluma, kosayenda, kangamange munthu wamkulu pakhosi.

Ndinabwerera kuchipatala n'kufotokoza zonse. Adokotala anandimvetsera bwino, nati ndi ziwengo: zomera zimenezi zimatulutsa fumbi losaoneka, ndipo matupi ena amadana nalo. Anandipatsa mankhwala otsegula pachifuwa, nandilangiza kuti nyumba iume.

Tonse tinasamukira kukhitchini, pamodzi ndi khanda lija. Amuna anga anachotsa matabwa onse oola n'kukawotcha kutali, anamata malata, naboola windo lina. A Fatuma ndi amene anakwecha khoma, atamanga chitenje kumphuno, ine atandithamangitsira kumsika. Apongozi anabwera n'kuona mulu wa matabwa aja asanawotchedwe. Madzulo ake anamwera tiyi m'kapu yanga ija.

Sindikunamizeni kuti ziwengo zinatheratu. Mpaka lero dzinja likafika ndimatsegula mawindo, zovala sindisunga zachinyezi, ndipo m'nyumba yonunkha nkhungu sindikhalitsamo. Koma ndikupuma, ndipo banja langa lilipo.

A Fatuma anakhala nafe mpaka mtendere utabwera kwawo. Ife tinkaganiza kuti tikuthandiza mlendo wopanda pogona, osadziwa kuti Mulungu wamutuma ndi yankho langa. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha mayi ameneyu.

Inu amene mukudwala matenda osadziwika dzina, musaleke kupemphera, musalekenso kufunsa. Onetsetsani pamene mumapeza bwino ndi pamene mumavutika, mukawauze achipatala osachita manyazi. Ndipo wina akagogoda pakhomo panu atatopa, mutsegulireni. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.