Kabotolo ka Mchenga wa Pinki

Moni nonse owerenga, a kuno kwathu ndi a kutali komwe. Tiyamike Mwini moyo amene watidzutsa lero, natisiyira mano osekera, ngakhale ena a ife atsala anayi okha.

Ku Nsaru kuli a Fanuel, mkulu wa mpingo amene akati ayi ndiye kuti ayi, ndi akazi awo a Rebecca, amene mawu amawamva monga momwe atulukira pakamwa. Mwana wawo Thandizo amagwira ntchito m'sitima yaikulu yapamadzi yozungulitsa alendo m'zilumba za kutali. Lachiwiri lina m'mawa, awiriwo akuswa mtedza m'chigafa, analandira kabotolo ndi kalata. Fatsani wa ku Nambuma, wophika m'sitima yomweyo, anali atafunsira Thandizo, ndipo mtsikanayo anati aimba foni masana kuti amve mawu a bambo ake nkhani isanapite kwa atsibweni.

"Tawerenganinso pamene akutchula malopo," anatero a Fanuel.

A Rebecca anayandikiza kalata kumaso. "Akuti, 'Sitima itaima pachilumba china anatipatsa maola asanu. Tinayenda wapansi kufunafuna gombe limene alendo amalitama, tinasochera kawiri, koma tinalipeza. Amayi, mchenga wake ndi wa pinki! Pomwepo ndi pamene Fatsani anagwada.'"

"Anagwada kupemphera?"

"Kufunsira."

"Pamchenga?"

"Wa pinki."

A Fanuel anaponya makoko a mtedza pansi. "Basi, nkhani yatha. Ukwati palibe."

"Aa! Chifukwa?"

"Amake Thandizo, mwaimba ku Mvano zaka makumi atatu. Munthu womanga nyumba pamchenga timamutcha kuti chiyani?"

"Kodi amanga nyumba? M'maola asanu? Simenti anaitenga kuti?"

"Sindikunena nyumba ya njerwa!"

"Ya udzu?" Anatembenuza kalata. "Za udzu mulibe muno."

"Ndikunena banja, mayi! Ikadzabwera mvula, madzi n'kusefukira, zonse zidzakokoloka."

"Akuti dzuwa linali kuswa mtengo."

A Fanuel anapuma mpweya wautali, natenga kabotolo kaja n'kukaloza kudzuwa. "Ndiponso taonani. Mchenga wolengedwa ndi Mulungu ndimaudziwa ine, ndautapa pa ngolo kuyambira ndili mnyamata. Chinthu cha pinki chimene ndinachionapo ndi mbewu ya chimanga ya m'sitolo. Pathumba pake amalembapo chiyani?"

"Osadya."

"Mwaona!"

"Nanga akufuna kudya mchenga ndani? Dothi amadya ndi apakati."

A Fanuel anadzuka, lichero la mtedza n'kugubuduka. "Apakati? Ali ndi pakati ndani?"

"Ndikufunsa inu."

"Thandizo?"

"Hii! Wakuuzani ndani, abambo?"

"Inu!"

"Ine ndangoti dothi. Za kudya mwayambitsa ndinu."

A Fanuel anakhalanso pansi atagwira pamtima. Pamene ankatola mtedza, a Rebecca anatsegula kabotolo, n'kuviika chala, n'kunyambita.

"Mwatani?"

"Ndimafuna ndione ngati muli mankhwala. Mulibe. Ndi wamcheremchere basi."

"Lavulani!"

"Si inu munalalikira sabata yatha kuti mchere ndi wabwino? Ndipo mwana wafotokoza. Akuti mtunduwo umachokera ku tizigoba ta tizilombo ta m'nyanja tophwanyikaphwanyika."

"Zophwanyika! Mwamva nokha. Banja loyambira pa zophwanyika! Ana a masiku ano, kusiya nthaka yolimba yonseyi n'kukagwada pa zinyenyeswa za nkhono. Ine pofunsira inu ndinaima pamalo olimba."

A Rebecca anasiya kuswa mtedza. "Kumtsinje kuja?"

"Eya, pa Namitete. Panali thanthwe."

"Thanthwe linalipo. Ndinakhalapo ine, ndikukwecha mapoto. Inu munali pamchenga."

"Bodza!"

"Njinga yanu inagwa kawiri chifukwa inalibe poimira. Nsapato yakumanzere inatitimira, munabwerera kwanu ndi imodzi. Mchenga umene munapondapowo ndi womwe ndinatsirizira poto wa nyemba."

A Fanuel anakanda m'mutu. "Unali wouma."

"Wonyowa."

"Chabwino, wonyowa! Koma zaka makumi atatu ndi zinayi zapita, nyumba yathu inagwa?"

"Denga linasasuka chaka cha mphepo ija. Malata tinakawatola kudimba kwa a Cecilia, oyandikana nafe aja."

"Denga si banja, mayi! Banja lathu silinagwedezekepo ndi tsiku limodzi lomwe. Njala inabwera, tinaima. Matenda anabwera, tinaima. Fodya anabwezedwa ku okushoni, tinaima!"

"Pamchenga pomwepo, eti?"

Nkhuku inalowa m'chigafa, n'kutola mtedza, n'kuchoka popanda woiingitsa. A Fanuel anakhosomola, monga amachitira akaiwala vesi paguwa.

"Mawu a Mulungu ndi otakata, amake Thandizo. Safuna kuwerenga tsamba limodzi. Mchenga suli pa nyumba yogwa pokha ayi. Mwaiwala lonjezo lija kwa kholo lathu la chikhulupiriro? Kuti zidzukulu zake zidzachuluka ngati mchenga wa kunyanja?" Nkhope yawo inayamba kuwala. "Mchenga wa kunyanja! Ndipo ndi uwu, wafika wokha pakhomo panga. Ine ndimadandaula kuti ndidzafa osanyamula mdzukulu!"

A Rebecca analanda kabotolo, n'kuthira pang'ono m'dzanja, n'kuyang'anitsitsa. Anayamba kunong'ona okha.

"Mukutani?"

"Ndikuwerenga. Pachala chokhachi apitirira makumi asanu. Onsewa ndi zidzukulu?"

"Ndi dalitso!"

"Ndiwaphikira mumphika uti? Agona pati? Msana wanga womwewu ndiwo ubereke botolo lonseli? Ayi, abambo, munanena zoona poyamba paja. Ukwati palibe!"

Foni inalira m'thumba la jekete. A Fanuel anaitulutsa msangamsanga, mkono wina ukutchinga akazi awo.

"Thandizo, mwana wanga! Kabotolo kafika. Umuuze Fatsani kuti njira ya kwa atsibweni ako ndi yotsegula. Ine sindinakayikepo ngakhale pang'ono. Amene akuvutavuta kuno ndi amayi ako."

A Rebecca anakankhira pakamwa pawo pafupi ndi foniyo.

"Thandizo, iwe! Ndavomera, koma supuni imodzi yokha. Wotsalawo ukabweze kumene unautenga!"

Owerenga okondedwa, Mulungu wa chisomo alimbitse nyumba zanu, kaya munayambira pathanthwe, kaya pamchenga wonyowa ndi nsapato imodzi. Akupatseni madalitso oposa mphika wanu, ndi msana woti muwaberekere. Mtendere wake ukhale nanu. Ameni.