Shifoni ya Ukwati wa Felesita

Pa siteji ya mabasi a ku Kasenengwa, bambo wina anafunyulula nsalu yoyera n'kuiyang'anitsa padzuwa, nkhope ili gwaa. Mayi amene anali pambuyo pake pamzere anaikhudza.

"Imeneyi ndi shifoni, bambo."

"Ndi dzina limene Felesita, mwana wanga, anandilembera pakapepala. Akukwatiwa Loweruka. Koma wam'sitolo uja wandinamiza. Taonani, dzanja likuonekera."

"Sanakunamizeni, shifoni ndi mmene imakhalira. Nanga yamkati ili kuti?"

"Yamkati?"

"Siisokedwa yokha iyi. Kunsi kwake amaika nsalu ina yosaonekera. Mayi ake sanakuuzeni?"

"Tinawaika chaka chatha."

Basi yomaliza inaliza hutala. Bamboyo anapinda nsaluyo mosamala, natuluka pamzere.

"Inayo ndikaitchule chiyani, mayi?"

"Mukati layiningi. Mamita omwewo."