Lipenga la a Oswald

Nkhani iyi anandiuza ndi Trevor, dalaivala wa basi ku Tottenham, tsiku lomwe ndinakwera basi yake mpaka kumathero poti ndinalibe kothamangira. Akuti nesi wina dzina lake Wezzie, mtsogoleri wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, analonjeza mng'ono wake Atikonda kuti Loweruka, pa ukwati wake, adzalowa m'tchalitchi lipenga la jazi likulira. Ndiye Lachinayi anakagogoda pa fulati ya a Oswald, nkhalamba ya ku Chipata, omwe mpingo wonse unawaonapo ali mnyamata, akuliza lipenga m'filimu ina yakale yopanda mitundu.

"Bambo, lipenga lija mudakali nalo?"

"Lili pansi pa bedi, mwanangu. Lomwe lija la mufilimu."

"Ndiye Loweruka mutilizire mkwatibwi akamalowa. Ndalengeza kale pa gulupu ya mpingo."

A Oswald anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga.

"Iwe, ife a mufilimu sitiliza chabechabe. Tili na malamulo. Poyamba, suti yoyera."

"Muvala ya mkwati, ndi yoyera. Iyeyo apeze ina."

"Magetsi akuluakulu, otentha mpaka thukuta kamukamu!"

"Tikuimikani pafupi ndi hita."

"Utsi! Mufilimu muja siunaone? Jazi siyenda popanda utsi wa fodya."

"Fodya m'tchalitchi? Aa, bambo! Chabwino, azimayi awotchere nyama pafupi ndi windo. Alamu ya moto tichotsa batire."

A Oswald anagwira ndodo yawo zolimba.

"Pafunika dayirekita wokalipa."

"Abusa athu kukalipa amatha."

"Na mkazi wokongola, alikulira patebulo la kutsogolo!"

"Mayi a mkwati akulira chiyambire tsiku la chinkhoswe. Kukongolako tiona ndi paudala. China?"

Panalibe china. Mkuluyo anagwada movutikira, nakoka bokosi pansi pa bedi. Lipenga linali waliwali. Anaimirira chopendekeka, natseka maso, masaya n'kufufuma ngati zitumbuwa, zala zikuthamanga, phazi likugunda pansi.

Wezzie anadikira.

"Bambo, mwayamba?"

"Nili pakati! Usanisokoneze, apa ndiye povuta."

"Sindikumva kanthu."

"Ndiye kuti zili bwino."

"Mayo ine! Pachifuwa pali bwanji? Pumirani m'kati. Mankhwala a mphumu mumamwa?"

"Choka apa na unesi wako!"

Wezzie analanda lipenga, nasuzumira kukamwa kwake, nasolola chinthu chakuda.

"Sokosi! Bambo, m'lipenga muli sokosi!"

"Bwezera! Anaika yekha dayirekita na manja ake."

"Chifukwa?"

"Manje anthu akanamva bwanji mawu a mkazi wolira uja? Pojambula filimu, bandi siiloledwa kutulutsa phokoso. Ukangoti pii, akupitikitsa. Mawu amabwera pambuyo."

"Pambuyo liti? Ukwati ukatha?"

"Pambuyo, kusitudiyo! Kunali kamzungu kadazi ka ku Croydon. Kuliza kanali kodziwa, koma nkhope inalibe jazi olo pang'ono. Ndiye tinagawana nchito. Iye mpweya, ine masaya."

Wezzie anatulutsa foni.

"Nambala yake muli nayo?"

"Anafa kalekale."

"Pepani. Nanga inuyo, sokosi titachotsa?"

"Sininayesepo. Katswiri sachita nchito ya mnzake."

Wezzie anakhala pampando, lipenga pamiyendo, sokosi m'manja. Loweruka linali mkuja. Mng'ono wake anali atauza kale akuchimuna onse, mpaka a ku Ilford. A Oswald nawo thukuta linayamba popanda hita.

"Ukauza mpingo," anatero motsitsa mawu, "uziti ninali bwino kwambiri. Palibe anafufumitsa masaya kupambana ine mu London muno."

Wezzie anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Tadikirani. Nyimbo ikamalira pa sipika, masayawo amafufuma pa nthawi yake?"

"Sininaphonyepo."

"Ikatha, inunso mumatha nthawi yomweyo? Osatsala muli chiyasamire?"

"Iwe, ukukamba na ndani?"

Wezzie anabwezera sokosi m'lipenga, naikankhira m'kati ndi chala, nagwada pansi.

"Ambuye alemekezeke! Bambo, munali kuti zaka zonsezi? Lamulungu lililonse theka la kwaya limakhala ku shifiti. Otsalafe timangotsegula pakamwa, mawu amachokera mu sipika, koma a alito amatseka mochedwa. Ukwati ukatha musachoke, mutiphunzitse!"

Trevor amalumbira kuti Lowerukalo anthu analira misozi, ndipo mayi a mkwati anati chibadwire sanamvepo lipenga lokoma chotero. Ine ndayenda malo ambiri, ndamva mabodza ambiri, ndipo zoti mpingo wathunthu, abusa ali pomwepo, sunazindikire, ndikukayika ndithu. Kungoti Trevor amaimba besi m'kwaya yomweyo, ndipo nditamupempha kuti andiimbireko kamzere kamodzi, anati mawu abwera pambuyo.