Yofiira Kapena Yakuda

Pamzere wa ku ofesi ya malaisensi, mnyamata wina ankangosinthanitsa zithunzi ziwiri za njinga zamoto m'manja. Bambo wachikulire amene anaima kumbuyo kwake anasuzumira.

"Achimwene, zithunzizo zing'ambika. Mukugula iti?"

"Mutu waima, bambo. Zonse ndi zothamanga, zoyenera ife ongoyamba kumene. Koma mtima uli pa yofiirayi."

"Munayesa kukhalapo?"

"Dzulo, kushopu. Pa yakudayi mapazi onse amaponda pansi. Pa yofiirayi ndimangogunda pansi ndi zala zokha."

"Ndiye mukuvutikiranji? Ine ndayendetsa njinga zaka makumi awiri. Njinga imene mapazi safika pansi idzakugwetsani pamaloboti, musanathamange n'komwe."

"Ndikudziwa, bambo. Kungoti yofiirayi ankaifuna ndi malemu akulu anga. Chithunzi chakechi ndachimatula pakhoma la kuchipinda kwawo."

"Ayi, pepani kwambiri. Malemuwo anali aatali?"

"Ankachita kuwerama polowa pakhomo."

"Ndiye imeneyo inali yawo, achimwene. Inu gulani yakudayo, chithunzicho mukachibwezere pakhoma pomwe munachichotsa. Mayi anu asalire kawiri."